Mphaka wa matenda a shuga azidya nthawi yanji?

Funso

Zikomo Adokotala. Ndili ndi mphaka wamphongo wofulidwa, wa zaka 9, yemwe kale anali wonenepa kwambiri. Atayamba kumwa madzi mosalekeza, kukodza pafupipafupi ndiponso kuwonda chonsecho akudya kwambiri, dokotala wa ziweto anamupeza ndi matenda a shuga ndipo anati ndizimubaya insulini, mankhwala otsitsa shuga m'magazi, kawiri pa tsiku. Ine ndimachoka pakhomo m'mamawa n'kubwerako madzulo, ndipo masana akamalira ana amamupatsa nsima ndi usipa. Kodi ndizimudyetsa kawiri kokha, pa nthawi ya jakisoni? Nanga tsiku limene wakana chakudya, ndimubayebe?

Mayi wa ku Zomba

Yankho

Mayi, chimene sichiyenera kusuntha ndi nthawi ya jakisoni. Insulini ya amphaka imaperekedwa motalikirana maola 12, choncho sankhani ola limene mumakhala pakhomo m'mawa ndi madzulo omwe, monga 6 koloko, ndipo mulisunge ngakhale Loweruka ndi Lamlungu. Kuchedwa ndi ola limodzi mwa apo ndi apo si koopsa, koma kubaya jakisoni awiri moyandikana pofuna kubwezera amene munaiwala kungathe kumupha. Mukaiwala, kapena mukakayika ngati mankhwala analowadi pansi pa khungu, ingodikirani nthawi yotsatira.

Kudya kawiri kokha ndi malangizo amene amayenera agalu kwambiri. Mwachibadwa mphaka amadya pang'onopang'ono kambirimbiri, ndipo akamadya chakudya chopanda sitachi yambiri shuga wake sakwera mwadzidzidzi akangotha kudya. Ngati akubayidwa insulini yokhalitsa m'thupi, monga Lantus kapena ProZinc, palibe cholakwika kuti azidyanso masana. Chofunika n'chakuti chakudya cha tsiku lonse chiziyezedwa m'mawa pa sikelo ya kukhitchini, muyezo wake ukhale umene dokotala wanu wakuuzani potengera kulemera kwa mphakayo, ndipo usamasinthe tsiku ndi tsiku. Gawo lalikulu muzimupatsa musanamubaye m'mawa ndi madzulo, totsalato muziika m'mbale ziwiri zovundikira kuti ana amupatse masana ndi usiku. Zikatha zimenezo, wamaliza za tsikulo, ngakhale alire bwanji. Insulini yotchedwa Caninsulin imagwira ntchito mofulumirako ndipo imathanso msanga, kotero ngati ndi imene mukugwiritsa ntchito, chakudya cha pa nthawi ya jakisoni chisaphonyeke.

Nsima ilekeke ndithu. Ndikudziwa kuti m'makomo mwathu ambiri mphaka amakulira mkute wosakaniza ndi usipa, koma thupi lake linapangidwira nyama, ndipo ufa wa chimanga, mpunga, buledi ndi phala zimasanduka shuga amene kapamba wake wotopa, chiwalo chimene chimapanga insulini m'thupi, sangathe kumulamulira. Madokotala a ziweto amalangiza chakudya chokhala ndi mapuloteni ambiri, chimene sitachi yake sipitirira magawo 12 pa 100 alionse a mphamvu zimene chimapereka. Zakudya za amphaka za m'zitini ndi m'timapaketi nthawi zambiri zimayandikira muyezo umenewu kuposa timibulu touma, kupatula zija za msuzi wokhuthala, chifukwa msuziwo amaukhuthalitsa ndi sitachi. Mtengo wake ukakukulirani, nkhuku yophika, dzira lophika ndi usipa wopanda mchere zingathandize, koma mukambirane ndi dokotala za kasakanizidwe kake, pakuti nsomba yokhayokha kapena mnofu wokhawokha sizipatsa mphaka zonse zimene thupi lake limafuna. Ndiwo za pakhomo musamupatse, chifukwa anyezi ndi adyo zimawononga magazi a mphaka.

Pamenepa pali msampha umene eni amphaka ambiri sauona. Mukangochotsa nsima, shuga wa m'magazi amatsika, ndipo insulini imene inali yokwanira sabata yatha ingakhale yochuluka sabata ino. N'chifukwa chake muyenera kudziwitsa dokotala musanasinthe chakudya, kenako musinthe pang'onopang'ono kwa sabata imodzi, n'kumayeza shuga pafupipafupi m'masiku amenewo. Ngati mphaka wanu amatuluka kukagwira makoswe, musade nkhawa kwambiri, pakuti khoswe ndi nyama, koma dziwani kuti tsiku limenelo akhoza kukana chakudya cha madzulo chifukwa chokhuta.

Funso lanu lachiwiri ndilo lofunika kwambiri. Muziyamba mwaika chakudya, muone kuti akudya monga mwa masiku onse, ndiye mumubaye. Akanunkhiza n'kuchokapo, kapena akasanza, musamubaye muyezo wonse musanalankhule ndi dokotala. Ndi bwino kumufunsiratu lero lomwe kuti akulembereni papepala zoyenera kuchita mphaka akadya theka kapena akakaniratu, chifukwa madokotala ena amachepetsa muyezo pomwe ena amadumphitsa jakisoniyo malinga ndi mtundu wa insulini. Mphaka wa shuga amene watha tsiku lathunthu osadya apite kuchipatala cha ziweto. Akatha masiku angapo osadya mafuta amadzaza m'chiwindi, makamaka kwa amene anali wonenepa, ndipo kusowa insulini nthawi yaitali kumadzetsa asidi woopsa m'magazi.

Anthu onse a pakhomo, ndi ana omwe, adziwe zizindikiro za kutsika kwambiri kwa shuga: kufooka, kudzandira, kunjenjemera, kuyang'ana mosazindikira malo, mpaka kuphupha ndi kukomoka. Ngati akutha kumeza, mpatseni chakudya nthawi yomweyo. Ngati sakutha, pakani uchi kapena madzi a shuga pa usinini ndi chala, osamuthira m'kamwa kuopa kumutsamwitsa, kenako thamangirani kwa dokotala. Kachipangizo koyezera shuga, potenga kadontho ka magazi m'mphepete mwa khutu, kamathandiza kwambiri, ndipo muyezo wochepera 3 mmol/L ndi wa ngozi.

Insulini muziisunga m'furiji, pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo isaundane. Magetsi akazima kwa nthawi yaitali, iikeni m'bokosi lozizira koma isakhudzane ndi ayezi. Onetsetsaninso kuti sirinji ikugwirizana ndi botolo, chifukwa Caninsulin ndi ProZinc ndi za U-40 pamene Lantus ndi ya U-100 (manambalawa amasonyeza mphamvu ya insulini, ndipo amalembedwa pa botolo ndi pa sirinji), ndipo kusokoneza masirinji kumasintha muyezo kwambiri.

Muzilemba m'kope nthawi ya jakisoni, chakudya chimene wadya, madzi amene akumwa ndi kulemera kwake sabata iliyonse, ndipo kopelo muzipita nalo kwa dokotala. Amphaka ena, akapatsidwa insulini msanga ndi chakudya choyenera, kapamba wawo amayambanso kugwira ntchito m'miyezi yoyambirira mpaka kusiya jakisoni. Mukaona kuti ludzu latha ndipo shuga akupezeka wotsika musanamubaye, musapitirize muyezo wakale mwachizolowezi, koma muimbire dokotala tsiku lomwelo kuti aunikenso muyezowo.