Ndikufuna kupanga add-in yanga yowerengera zipangizo mu SolidWorks, ndiyambire pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo iyi, ndangoifupikitsa pang'ono:

"Ndimajambula makina pa SolidWorks pakampani ina yaing'ono. Tikamaliza assembly, mndandanda wa zipangizo timaukopera pamanja ku Excel kuti anzathu akagule zinthu. Kawiri konse mabawuti apezeka osakwanira, ndipo tsiku lina anadula zitsulo potsatira muyezo wakale. VBA ndimaidziwako pang'ono. Ndikufuna add-in yoti izitulutsa yokha mndandandawu komanso izikonza manambala a zipangizo m'mafayilo onse. Ndiphunzire C# kapena VBA ikwana?"

Achimwene, zikomo polemba. Za C# ndi VBA, zinenero ziwiri zolembera mapulogalamu, tifikako, koma si pamene pagona nkhani. Pa add-in yanuyo, kapulogalamu kowonjezera mu SolidWorks, mwapempha zinthu ziwiri, kuwerenga ndi kukonza, ndipo ine ndikuti yambani ndi kuwerengako basi. Chida chanu choyamba chizingoyang'ana n'kunena zimene chapeza, chisalembe kanthu m'fayilo ya munthu aliyense. Chikamanena zoona kwa miyezi ingapo, m'pamene mungachipatse mphamvu zosintha zinthu.

Musanalembe ngakhale mzere umodzi wa code, yesani kaye zimene zilipo kale. Tebulo la BOM, lomwe ndi mndandanda wa zipangizo wa mu SolidWorks, limatheka kulisunga ngati fayilo ya Excel, osakopera pamanja. Mwina theka la vuto lanu lithera pomwepo. Ndipo nkhani ya zitsulo zodulidwa pa muyezo wakale ija add-in siingaithetse yokha. Pamenepo chasowa ndi mgwirizano woti pepala lovomerezeka ndi liti, ndipo ndani amene amalola kuti lipite kwa odula.

Tsono tiyeni tione chifukwa chake kuwerenga mabawuti kumavuta kuposa mmene kumaonekera. Fayilo ya assembly, ija ya SLDASM, mulibe zipangizo mkati mwake. Muli kalozera wonena kuti apa pali fayilo yakuti ya SLDPRT, yaima motere, yagwirana ndi inzake motere. Bawuti imodzi mukaiika malo 24, fayilo yake ndi imodzi yomweyo, koma assembly imaiona ngati ma component 24, iliyonse ndi nambala yake kumapeto kwa dzina. Ndiye pulogalamu yanu iyenera kudziwa kuti ziwiri izi n'chinthu chimodzi kapena ayi. Anthu ambiri amayamba ndi dzina la fayilo, ndipo apa ndi pamene amagwera.

Tiyerekeze kuti muli ndi kachitsulo kogwirizira, fayilo imodzi, koma kali ndi ma configuration awiri, kena ka mamilimita 200, kena ka 300. M'makinamo mwaika tatifupi 6 ndi tatitali 4. Mukawerenga potengera dzina la fayilo, mndandanda unena kuti tilipo 10, wodula adula tonse muyezo umodzi, ndipo tina tikalephera kufika pabowo. Chizindikiro chenicheni cha chipangizo ndi malo onse amene fayilo ili, kuphatikiza configuration imene component ikugwiritsa ntchito. Mu API, njira imene code yanu imalankhulira ndi SolidWorks, zimenezi ndi GetPathName ndi ReferencedConfiguration. Ndati malo onse chifukwa m'mafoda awiri mukhoza kukhala mafayilo awiri a dzina lofanana koma osiyana mkati, ndipo ndikhulupirira kuti pa seva yanu alipo otere. Pafupifupi paliponse alipo.

Palinso ma component ooneka ngati alipo koma osayenera kuwerengedwa, ndi ena obisika koma oyenera kuwerengedwa. Imene mwangoibisa kuti muone bwino mkati mwa makina idakalipo, iyenera kugulidwa. Imene ili suppressed yachotsedwa mu configuration imeneyo, isalowe pamndandanda. Ya envelope ndi yongoonetsera malo, ndipo ina wojambula anaiikira chizindikiro cha ExcludeFromBOM mwadala. Yovutitsa kwambiri ndi ya lightweight. Assembly ikakhala yaikulu, SolidWorks imatsegula zipangizo zina mwapamwambamwamba pofuna kufulumira, ndipo mukaitana GetModelDoc2 pa component yotere simulandira kanthu. Pulogalamu yolembedwa mosasamala imagwa pomwepo, kapena, zimene zili zoipa kuposa kugwako, imangoidumpha mwakachetechete n'kukupatsani mndandanda wooneka bwinobwino koma woperewera. Ndikuganiza kuti mabawuti anu aja anasowera mwa njira ngati imeneyi, kungoti anawadumpha ndi maso a munthu. Chida chanu chikakumana ndi chinthu chimene chalephera kuwerenga, chizilemba dzina lake pansi pa lipoti ndi zilembo zofiira.

Nkhani ina ndi ya ma subassembly, ma assembly ang'onoang'ono okhala mkati mwa yaikulu. GetComponents(false) ikupatsani zonse mpaka pansi penipeni, ndipo zimaoneka zophweka. Koma taganizani za mota imene mumagula yathunthu. Wogulitsa anakupatsani fayilo yake yokhala ndi chikuto, shafiti ndi timabawuti take. Inu mumagula mota imodzi, osati tizidutswa take. N'chifukwa chake ndi bwino kutsika nokha nthambi ndi nthambi ndi GetChildren, n'kumafunsa pa subassembly iliyonse kuti iyi timapanga tokha kapena timagula. Ikakhala yogula, muwerenge imodzi, musalowe mkati.

Manambala a zipangizo, mtundu wa chitsulo ndi zina zotere zimakhala mu custom properties, ndipo zimakhala pawiri: za fayilo yonse, ndi za configuration iliyonse payokha. Wina analemba nambala uku, mnzake analemba uko, wachitatu analemba konsekonse koma zosiyana. Wina anatcha PartNo, wina Part Number. Lipoti lanu loyamba likatuluka mudzadabwa ndi chisokonezo chimene chakhala chili m'mafayilo anu zaka zonsezi, ndipo kungochiona chisokonezocho n'kopindulitsa kale kuposa batani lililonse lokongola. Dziwaninso kuti property ina, monga ya kulemera, imasunga mawu olozera ku SW-Mass, ndipo nambala yeniyeni imabwera padera. Mukatenga yolakwika, mu Excel mudzapezeka mawu achilendo m'malo mwa makilogalamu.

Samalaninso ndi miyezo. API ya SolidWorks imabweza utali m'mamita, kaya inu mukujambula m'mamilimita kapena mainchesi. Ya Autodesk Inventor, pulogalamu ina yojambulira makina, imabweza m'masentimita. Macro yanga yoyamba, kapulogalamu ka VBA, inalemba kuti shafiti ina ndi yaitali 0.45, ndipo bambo amene ankadula zitsulo anabwera ndi pepalalo atalipinda pakati, n'kulitambasula patebulo langa, chala chili panambalayo, n'kundifunsa ngati ndikufuna shafiti kapena fumbi lake. Tinaseka, koma cholakwikacho chikanakhala chaching'ono, chosaseketsa, chitsulo chikanadulidwa.

Tsopano funso lanu lija. Yambani ndi VBA. Ili kale mu SolidWorks, simufunika kuika china chilichonse, ndipo zonse ndatchulazi mukhoza kuziyesa madzulo amodzi. Mayina a mu API ndi omwewo, choncho zimene mwaphunzira sizitayika mukadzasamukira ku C#. Mudzasamuke mukadzafuna zinthu zimene macro imachita movutikira: batani lokhazikika, kawindo kam'mbali, kapena kuti chida chizidzuka chokha munthu akamasunga fayilo. Add-in ndi fayilo ya DLL yokhala ndi ISwAddin, SolidWorks imaiitana kudzera pa ConnectToSW poyamba ndi DisconnectFromSW potseka, ndipo iyenera kulembetsedwa pa kompyuta iliyonse ndi chida chotchedwa regasm. Poti imakhala mkati mwenimweni mwa SolidWorks, imathamanga kuposa pulogalamu yoima payokha, koma ikagwa ikhoza kugwetsa SolidWorks yonse pamodzi ndi ntchito ya mnzanu imene sanasunge. Musayesenso kuifulumizitsa poitana API kuchokera ku ma thread angapo, kutanthauza mbali zingapo za code zoyenda nthawi imodzi, SolidWorks siikonda zimenezo.

Ngati cholinga ndi kusanthula mafayilo mazanamazana usiku, pali Document Manager API, imene imawerenga properties ndi kalozera wa mafayilo popanda kutsegula SolidWorks, kungoti imafuna kiyi yake yapadera. Ku Inventor yofanana nayo ndi Apprentice Server. Kumbukiraninso kuti add-in ili ngati mwana, simubereka n'kuiwala. Mapulogalamuwa amatuluka atsopano chaka ndi chaka, ndipo Inventor 2025 itasamukira ku .NET 8 anthu anayenera kubwerera ku ma add-in awo akale kukawakonza. Dzifunseni kuti inu mukadzachoka pakampanipo adzaisamale ndani.

Nthawi yolola chida kulemba ikadzakwana, pali zitatu zoti muziope. Bawuti ya mu laibulale imagwiritsidwa ntchito m'makina ambiri, ndiye mukaisintha nambala chifukwa cha makina a lero, mwasinthanso a chaka chatha osadziwa. Kusunga fayilo yakale ndi SolidWorks yatsopano kumaisandutsa ya mtundu watsopanowo, ndipo kasitomala amene adakali pa yakale avutika nayo. Chachitatu, ngati kukonza manambala kukutanthauza kusintha mayina a mafayilo, musachite ngati mmene timachitira mu Windows Explorer, chifukwa assembly idzafunafuna dzina lakale n'kulisowa. Gwiritsani ntchito njira za SolidWorks zomwe, monga Pack and Go, zimene zimakonzanso kalozera. Ndipo chidacho chizionetsa kaye mizere iwiri, zimene zilipo ndi zimene chikufuna kulemba, munthu avomereze, kenako chisunge mbiri ya zonse zimene chasintha.

Sabata ino chitani ichi. Pangani ka assembly kakang'ono koyesera, ka zipangizo zosapitirira 15, muikemo dala misampha yonse: kachitsulo ka ma configuration awiri, component imodzi ya suppressed, ina yobisika, ina ya envelope, ndi mota yogula yokhala ndi za mkati mwake. Werengani pamanja, mulembe yankho papepala. Kenako mutsegule kamodzi zonse zili resolved, ndiye kuti zotsegulidwa mokwanira, kachiwiri zili lightweight, muone ngati macro yanu ikupereka nambala yomwe ili papepalapo maulendo onse awiri. Ikasemphana, nditumizireni code yake ndi mindandanda iwiriyo, tidzafufuzire limodzi pamene yathawira.