Kodi moto wa mbaula ungatchaje foni? Kuyankha bambo wa ku Mufakose

Bambo wina wa ku Mufakose, mu mzinda wa Harare, wandilembera imelo kufunsa ngati carbon nanotubes (timachubu ta kaboni tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso) angasandutse kutentha kwa mbaula kukhala magetsi otchajira foni. Funso lanu, bambo, landikumbutsa chaka cha 2019, madzi atatsika ku damu la Kariba, kumene amapanga magetsi, pomwe kuno ku Harare magetsi ankazima mpaka maola 18 pa tsiku. Mayi anga, amene anachoka ku Dedza ali mtsikana, ankaphika nsima pa makala madzulo alionse, ndipo zinkandiwawa kuona moto wonsewo ukungopita pachabe pamene foni imene abale akumudzi ankatiimbirapo inali itazima. Ndinagula kachipangizo ka bismuth telluride, kosandutsa kutentha kukhala magetsi, mbali imodzi ndinaigunditsa kuchitsulo cha mbaula, inayo kupoto wa madzi ozizira, ndipo kababu kakang'ono kanayaka. Mayi anawomba m'manja. Koma madziwo atafunda, kuwalako kunazilala.

Usiku umenewo ndinamvetsa zimene wasayansi Thomas Seebeck anatulukira mu 1821, kuti magetsiwa amabadwa chifukwa cha kusiyana kwa mbali yotentha ndi yozizira, osati chifukwa cha ukali wa moto. Zombo za m'mlengalenga zotchedwa Voyager, zimene zinanyamuka mu 1977, zimapeza magetsi mwa njira yomweyi.

Apa mpamene timachubu ta kaboni tija, timene Sumio Iijima wa ku Japan anafotokoza mu 1991, timavutira. Timadutsitsa magetsi bwino, koma kachubu kamodzi kamadutsitsanso kutentha kuposa kopa maulendo angapo, choncho mbali yozizira imafunda msanga monga madzi a mu poto wanga uja. Komanso popanga timatuluka tosakanikirana, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu timakhala ngati chitsulo, zomwe zimafooketsa mphamvu yake yopanga magetsi. Pa muyeso wa ZT, umene umaonetsa mmene chinthu chimasandutsira bwino kutentha kukhala magetsi, bismuth telluride amafika pafupifupi 1, pamene nsalu za timachubuti zikadali pansi ndithu. Nchifukwa chake ndimakwiya ndikamva anthu akulonjeza osauka kuti zipangizo za timachubuti zatsala pang'ono kufika m'masitolo.

Sindikunyoza kafukufukuyu ayi. Tellurium, amene amapangira bismuth telluride, ndi wosowa kwambiri m'nthaka, pamene kaboni ali paliponse, ndipo timachubuti ntopepuka ndiponso topindika. Akatisakaniza ndi pulasitiki wapadera, kutentha sikudutsa mwaliwiro, ndipo nsalu yake ingathe kukoka timagetsi tochepa kuchokera ku thupi la munthu, tokwanira kachipangizo koyezera kugunda kwa mtima, osati foni.

Chochita panopa

Musataye ndalama kufunafuna timachubuti, bambo. Gulani sola yaing'ono ndi batire. Ngati mtima uli pa mbaula, pezani kachipangizo ka bismuth telluride kopangidwira kutentha kwambiri, ndipo muzisintha madzi a mu poto akangoyamba kufunda.