Zomvetsera zosinkhasinkha: zimathandiza, koma sizichotsa mulu wa mafayilo

Achemwali, mwafunsa ngati zomvetsera zija zotsogolera munthu kusinkhasinkha mwakachetechete zingathandize munthu amene mtima umangoti phaa abwana akamuitana, komanso ngati sizikusemphana ndi chikhristu chanu. Ine ndimazichita, ndiye ndikuuzani mmene ndaonera.

Ndimagwira ntchito ya maakaunti ku Limbe, ndipo kumapeto kwa mwezi, nthawi yokonza malipiro, ndinkafika kunyumba mapewa atauma gwa, nsagwada zikuwawa chifukwa cholumana mano tsiku lonse osadziwa. Tulo tinkabwera tambala woyamba atalira. Mnzanga wina ndi amene ananditumizira kachomvetsera ka mphindi 3. Poyamba ndinaseka, ndikuti izi ndi za azungu opanda mavuto.

Ndimachita chonchi. Nthawi ya nkhomaliro ndimalowa m'chipinda chosungira mafayilo akale, kumene sikubwera munthu kupatula mphemvu, ndikukhala pa mpando mapazi onse ali pansi. Mawu aja amati mumve mmene mapazi akukhudzira simenti, mukoke mpweya mukuwerenga mpaka 4, muutulutse pang'onopang'ono mpaka 6. Kenako amakuyendetsani thupi lonse, chipumi, nsagwada, khosi, mapewa, kuti muone pamene pakokana. Musadabwe maganizo akathawa. Anga sathera mphindi imodzi asanafike ku ngongole ya banki nkhonde kapena fizi ya mwana. Mukazindikira kuti athawa, mumangowabweza ku mpweya osadzikalipira. Kubwezako ndiye ntchito yeniyeniyo. Anthu ena amasiya poganiza kuti akulephera, pamene akuchita bwino.

Chifukwa chimene kupumaku kumathandizira n'chapafupi. Thupi likaona choopsa limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol, mtima nkuthamanga, minofu nkuuma, kukonzekera kuthawa kapena kumenyana. Vuto ndi lakuti silisiyanitsa njoka pa njira ndi uthenga wa WhatsApp wa abwana wobwera usiku. Kutulutsa mpweya motalikitsa kumachepetsa kugunda kwa mtima, thupi nkumva kuti palibe chikuliluma. Ine phindu lalikulu ndinaliona pakamwa: ndinasiya kuyankha mopsa mtima, chifukwa ndimamva mkwiyo ukukwera usanafike ku lilime.

Za chipembedzo, ndisakunamizeni. Njira imeneyi, imene amati mindfulness, mizu yake ili m'chipembedzo cha Chibuda. Wasayansi wina, Jon Kabat-Zinn, anaitengera kuchipatala mu 1979, pa University of Massachusetts ku America, nkukonza maphunziro a masabata 8 othandiza odwala ululu wosatha ndi nkhawa, wopanda mapemphero kapena kupembedza kulikonse. Ine ndine wa mpingo, ndipo kumvetsera mpweya umene Mulungu anandipatsa sikunandichotsepo chikhulupiriro. Ingosankhani zomvetsera zonena za kupuma ndi thupi basi. Zina za pa YouTube zimalowetsa nkhani za mizimu ndi mphamvu zachilendo, zimenezo dumphani. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2020 kabuku kaulere kothana ndi nkhawa, kali ndi zomvetsera zake zazifupi, mungayambire pamenepo. Koperani mukapeza WiFi, bandulo masiku ano sichinthu choseweretsa.

Koma pali pamene ndimatsutsana ndi amene amazitamanda mopitirira. Kupuma sikulemba munthu wachiwiri pamene mukugwira ntchito ya anthu atatu. Mu 2019 WHO yomweyo inafotokoza kuti kutheratu mphamvu kumene ambiri timadandaula kumachokera ku kupanikizika kwa kuntchito kumene kwakhala nthawi yaitali osakonzedwa. Lamulo lathu la ntchito limati maola 48 pa sabata, oposera apo ndi ovataimu. Ngati mukuweruka mdima utagwa tsiku ndi tsiku, nkhaniyo ndi yokambirana ndi abwana kapena a yuniyoni, ndipo kupumako kungokuthandizani kulowa mu ofesi yawo mawu asakunjenjemera.

Ngati mwafika posadya, kumangolira, kapena kuganiza zodzichotsera moyo, musadalire zomvetsera za pa foni. Pitani kuchipatala cha boma chapafupi mukafunse wa zamaganizo, kapena ku St John of God ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Mukayesa sabata ino, dzatiuzeni kuno ngati nsagwada zamasuka.