Zikwangwani zili mbwee koma njala ili pomwepo: yankho langa pa za mabungwe

Achimwene, funso lanu ndinaliona usiku koma ndinati ndiyambe ndaligonera. Mwati kwanu mabungwe omwe si aboma akhala akubwera kuyambira muli mwana, zikwangwani zawo zili mbwee m'mbali mwa msewu, koma ikafika February anthu akugonabe ndi njala. Ndiye mukufunsa ngati mabungwewa amathandizadi kapena amangodyera pa umphawi wathu. Ena pansipa ayankha kale kuti onse ndi mbava, ena akuti pakanapanda iwo bwenzi titatha psiti. Ine ndinagwirako ntchito ya ulangizi m'bungwe lina kwa zaka 6, kuzungulira panjinga yamoto m'midzi ya ku Dedza ndi Ntcheu. Ndinadya nawo, choncho sindiyankhula ngati woyera m'manja.

Pa mfundo yoti umphawi sukusuntha, simukunama. A National Statistical Office ku Zomba atachita kafukufuku mu 2004 ndi 2005 anapeza kuti anthu 52 pa 100 alionse m'dziko muno ndi osauka. Atabwereza mu 2019 ndi 2020 anapeza pafupifupi 51. Zaka 15, ndipo ndi zaka zomwe mabungwe anachulukana ngati bowa.

Kuchulukanako kuli ndi mbiri yake. Nthawi ya Kamuzu analipo ochepa, ambiri a mipingo. Kenaka m'zaka za m'ma 1980 kunabwera othawa nkhondo ku Mozambique, oposa miliyoni imodzi, ndipo mabungwe akunja anabwera kudzawasamala. Matipate atalowa mu 1994 khomo linatseguka, Edzi n'kuwonjezera. Chinamalizitsa ndi Cashgate, kubedwa kwa ndalama za boma komwe kunaululika mu 2013: mayiko otithandiza, omwe ankaika ndalama zochuluka mu bajeti, anati za ku Capital Hill ayi, tizidzera m'mabungwe. Ndiye mukaona ma Land Cruiser oyera atandandana pa boma, dziwani kuti mbali ina ndi chizindikiro choti eni ndalama anasiya kukhulupirira boma lathu.

Tsono ine muyeso wanga ndi umodzi, ndipo sindinauphunzire m'kalasi. Musayeze bungwe tsiku lodula riboni. Pitani pamalopo patatha zaka zitatu galimoto itasiya kubwera, mukaone chomwe chatsala. Paja amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Pulojekiti imakhala ya zaka zitatu kapena zisanu, ikatha ife alangizi timalandira kalata, timabweza njinga, basi. Mudzi umatsala pomwe unali.

Tengani mjigo. Kukumba mjigo n'kosavuta kwa amene ali ndi ndalama: makina abwera, sabata isanathe madzi atuluka, amayi avina, chithunzi chapita kwa azungu. Koma mjigo wa Afridev, womwe uli pafupifupi paliponse kumudzi kuno, uli ndi timarabala ndi tizitsulo tomwe timatha ndi kupopa. Si zodula kwenikweni. Funso n'loti kakatha, ndani akagule, ndi ndalama yochokera kuti, ndipo amene amadziwa kuzula ndodo zija ali kuti? M'mudzi wina tinakumba mjigo, tinasankhitsa komiti mothamanga chifukwa lipoti limafunika Lachisanu. Nditadutsako patatha chaka ndi theka, ndinapeza amayi abwerera kudambo, mbuzi zikugona pa simenti. Nditafunsa, gogo wina anandiyankha kuti, "Mjigo wanu uja unafa, timadikira mubwere." Mawu oti "wanu" aja anandilasa kuposa mjigo wakufawo. Vuto lake linali karabala kamodzi. Koma anthuwo sanalakwe kuutcha wathu, chifukwa malo tinasankha ndife, tsiku tinasankha ndife, iwo anangouzidwa kuti atute mchenga.

Zina zimalephera chifukwa zinaganiziridwa kutali. Akuluakulu pagulu pano akumbukira ma PlayPump aja, katungwe wozungulira woti ana akamasewera madzi azikwera m'thanki. Kunja anaombera m'manja, ndalama zinasonkhedwa zambiri. Atafika kuno ndi ku Mozambique zinapezeka kuti ana sasewera tsiku lonse, ndiye amayi ndiwo ankakankha chitsulocho ndi mwana kumsana, ndipo chikawonongeka panalibe wodziwa kukonza. Ngakhale Mwandama ku Zomba, mudzi wachitsanzo wa pulojekiti yothetsa umphawi ya Millennium Villages womwe Ban Ki-moon, mkulu wa United Nations pa nthawiyo, anadzaona yekha mu 2010, chimanga chinachulukadi pomwe feteleza ndi mbewu zinkabwera, koma pulojekiti itatha mu 2015 akatswiri anatsala akukangana kuti mwa zabwinozo ndi ziti zomwe zikanaima pazokha.

Koma achimwene, amene akuti zonse ndi kuba sanayende. Ndikupatsani banki mkhonde. Ambiri amaganiza kuti inangobuka yokha, chonsecho njira imeneyi anaiyambitsa ndi a CARE ku Niger mu 1991, mabungwe n'kuifalitsa mpaka kuno. Taonani chomwe bungwe linabweretsa: bokosi, maloko atatu, makope ndi maphunziro a masabata ochepa. Ndalama ayi. Masheya ndi a amayi eni ake, makiyi amasunga anthu atatu osiyana, chiwongoladzanja chimabwerera kwa iwo omwe pogawana kumapeto kwa chaka. Lero magulu akubadwa m'midzi momwe simunafikepo mlangizi aliyense. Ili ndi zilema zake, inde. Tonse tamvapo za mayi wothawa m'mudzi chifukwa cha ngongole za magulu atatu, kapena wolandidwa malata. Koma palibe amene amati "banki mkhonde yanu ija." Ndi yawo, ndipo n'chifukwa chake sinafe.

Palinso zina zomwe sizingaime popanda ndalama zakunja, koma ntchito yake ndi yooneka ndi maso. Phala la Mary's Meals linayamba mu 2002 ndi ana 200 okha, lero likudyetsa ana oposa miliyoni m'sukulu za m'dziko muno, ndipo ophika ndi makolo omwe amadzuka m'bandakucha mosalipidwa. Funsani mphunzitsi aliyense kusiyana kwa kalasi tsiku la phala ndi tsiku lomwe ufa watha. Ku Neno, a Abwenzi Pa Za Umoyo anafika mu 2007 boma lonselo lilibe chipatala chenicheni, ndipo sanamange chawochawo pambali: anagwira ndi unduna, chipatala n'kukhala cha boma. Zipatala za mipingo za pansi pa CHAM, monga Nkhoma, Embangweni ndi Mulanje Mission, zasenza gawo lalikulu la odwala akumudzi kwa zaka zosawerengeka. Namondwe wa Freddy atakokolola midzi mu March 2023, matenti ndi ufa wambiri m'makampu zinadzera m'mabungwe omwewa. Munthu amene anapulumukira pamenepo simungamuuze kuti ndi mbava zokhazokha.

Komabe kupulumutsa munthu ndi kumulemeretsa ndi ntchito ziwiri. Bungwe lingakuphunzitseni ulimi wa mtayakhasu, lingakupatseni mbuzi zopatsirana, koma silikhazika mtengo wa feteleza. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, phindu lomwe mayi anasonkha chaka chonse m'bokosi muja linasungunuka ali m'tulo. Mlimi wa mbatata ku Dedza amakolola bwino, koma msewu ukakhala woipa vendayo ndi amene amatchula mtengo. Munda womwe agogo ankalima okha lero agawana zidzukulu zisanu ndi zitatu. Misewu, magetsi, misika, mtengo wa ndalama, malo: zimenezi ndi za boma ndi ndale, ndipo ndi zomwe zimasuntha nambala ija ya 51. Mantha anga ndi oti mabungwe akamatseka maenje, boma limazolowera. Tinazionera mu January 2025 pamene Donald Trump anaimitsa thandizo la USAID: mapulojekiti anaima mwadzidzidzi, antchito ambiri a zaumoyo anauzidwa kuti akhale kunyumba. Nkhwangwa yobwereka ija inaguluka tikuona.

Tisabisenso mbali yathu, poti wakutsina khutu ndi mnansi. Matenda a alawansi tinawabzala ndife a mabungwe, koma anamera bwino. Ukaitana msonkhano wa za nkhalango yawo yomwe, funso loyamba n'loti "kuli kangachepe?" Popanda Fanta ndi envelopu kubwera anthu asanu. Ife ogwira ntchito ndiye osanena: maphunziro oti akanachitikira pa TDC (malo ophunzitsirako aphunzitsi m'dera momwemo) timakawachitira kunyanja kapena ku Mponela kuti tigone kunja, tisaine. Ndinasainapo nanenso, sindikana. Kalembera wa ovutikitsitsa akafika, mayina oyamba amakhala a kubanja kwa amfumu, gogo wosamala ana amasiye n'kutsala. Ndipo m'dera limodzi mumapezeka mabungwe atatu akuphunzitsa anthu omwewo za chinthu chomwecho, chifukwa onse akufuna midzi ya pafupi ndi tala, pomwe kuseri kwa phiri sikunafikepo aliyense.

Ndiye mwafunsanso kuti inu ngati mwana wa m'deralo mungatani. Njira ilipo, kungoti anthu saigwiritsa ntchito. Chiyambire lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998, chitukuko chimayenera kuyambira ku VDC (komiti ya chitukuko ya m'mudzi), kupita ku ADC (komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu), kukafika kukhonsolo, ndipo bungwe lisanayambe ntchito limayenera kukaonekera kaye ku komiti ya akuluakulu a nthambi pa boma. Limayeneranso kukhala lolembetsedwa ku NGORA, nthambi ya boma yoyang'anira mabungwe, yomwe kale inkatchedwa NGO Board, n'kumapereka malipoti a ndalama chaka ndi chaka. Choncho kufunsa si mwano. Tsiku lomwe adzabwere kudzadzionetsa pabwalo la amfumu, wina aimirire afunse kuti pulojekitiyi itha liti, ndalama zake zonse ndi zingati ndipo zofika m'mudzi muno ndi zingati, chinthuchi tinachipempha ndife kapena mwabwera nacho, nanga mukapita chikawonongeka tidzagogoda pa khomo la ndani. Bungwe labwino limayankha mosavuta, ena amasangalala kumene kuti afunsidwa. Lokayikitsa limayamba kukamba za nthawi kuti yatha.

Mjigo wina womwe tinakumba chaka chomwecho, mtunda wosakwana ola limodzi kuchokera pa wakufa uja, ukutulutsabe madzi. Ndinamwapo chaka chatha popita kumaliro. Kumeneko anatikaniza malo omwe tinasankha, tinakangana nawo mpaka tinagonja, ndipo msungichuma anasankha okha: mayi wina wogulitsa zitumbuwa, wovuta ngati tsabola, amene amayenda ndi kope khomo ndi khomo mwezi ukatha, ndipo wosapereka satunga. Chikwangwani chathu chinadyedwa ndi dzimbiri, dzina la bungwe silikuwerengekanso. Mwana amene anandipopera madzi nditamufunsa kuti mjigowu anakumba ndani, anangoti, "Ndi wa m'mudzi muno."