Amene amazimitsa sola yanu mukachedwa kulipira ndi ndani?

Bambo, mwafunsa kuti zimatheka bwanji kuti sola imene munatenga pa ngongole izime yokha tsiku lolipira likadutsa, chonsecho palibe munthu wa kukampani amene wafika pakhomo panu, komanso mukufuna kudziwa ngati amene amaizimitsa ndi kampani ya foni. Ena akuyankhani kale kuti ndi Airtel kapena TNM, koma zoona zake n'zakuti makampani awiriwa amangonyamula ndalama zanu ndi uthenga, monga mmene woyendetsa minibasi amanyamulira katundu amene si wake.

Kabokosi kali pakhoma panuko ndi ntchito ya makampani angapo. Pali amene anapanga batire, mababu ndi chotchera dzuwa cha padenga, ndipo mafakitale ambiri opanga zimenezi ali ku China. Pali kampani yolemba mapulogalamu a kompyuta amene amasunga dzina lanu, nambala ya sola yanu ndi ndalama zimene mwalipira. Kenaka pali wogulitsa ndi maejenti ake amene amayenda m'midzi, ndipo kumbuyo kwake kuli amene anamubwereka ndalama zoodera katunduyo, chifukwa fakitale imafuna zake msanga pamene inu mumabweza pang'onopang'ono kwa chaka kapena kuposerapo.

Dziko limene linatchuka msanga ndi malonda otere ndi Kenya. Kampani ya foni ya Safaricom itayambitsa M-Pesa mu 2007, anthu anazolowera kutumiza ndalama zing'onozing'ono pafoni, ndipo mu 2011 Nick Hughes, mmodzi mwa amene anayambitsa M-Pesa, anakhazikitsa pamodzi ndi anzake kampani yogulitsa sola pa ngongole ya M-KOPA. Poyambirira M-KOPA sinkapanga yokha sola zake. Inagwirizana ndi kampani yopanga nyale ya d.light, ndipo m'kati mwa kabokosi ankaikamo simu khadi ya Safaricom, moti munthu akalipira pa M-Pesa uthenga unkafika m'kabokosi muja kudzera pa netiweki, magetsi n'kuyaka. Aliyense anabweretsa chimene mnzake analibe: wina luso lopanga nyale, wina netiweki ndi njira yolipirira, wina maejenti ndi kulimba mtima kokongoza anthu amene banki sikanawayang'ana n'komwe. Ku Zambia nako kampani yogulitsa sola ya Fenix International inalowa mogwirizana ndi kampani ya foni ya MTN m'njira yofananayo.

Komabe sola zambiri zimene ndaziona kwathu kuno zilibe simu khadi, ndipo mwina yanu ndi ya mtundu umenewu. Izi zimagwira ntchito ndi manambala, mofanana ndi mayunitsi a ESCOM. Ndinaonerera azakhali anga ku Dedza akuchita zimenezi madzulo ena, atakhala pamkeka ndi foni yawo yamabatani. Analipira, uthenga unabwera wokhala ndi manambala, iwo akuwawerenga mokweza pamene mdzukulu wawo akudina timabatani ta pakabokosi, kenaka kagetsi kobiriwira kanathwanima ndipo babu la pabalaza linayaka. M'kati mwa kabokosi muli kawotchi kowerenga masiku, ndipo manambala aja amangokauza kuti kawonjezere masiku angati. Masikuwo akatha kamadzitseka kokha popanda wina kudina kalikonse ku ofesi, ndipo manambala a sola ina sangagwire pa yanu chifukwa amapangidwa mogwirizana ndi chinsinsi cha kabokosi kamodzi kokha. Kuti izi zitheke, wopanga sola ndi wolemba mapulogalamu ayenera kugwirizana katundu asanatuluke m'fakitale. Kampani ya Angaza, mwachitsanzo, imagulitsa luso lake kwa opanga ndi ogulitsa osiyanasiyana m'malo mogulitsa nyale kwa inu ndi ine.

Mafoni a pa ngongole amayendanso chimodzimodzi. Mu 2020 M-KOPA inayamba kugulitsa mafoni a Samsung amene amatsekeka kudzera m'pulogalamu ya Knox, yomwe ndi ya Samsung yomweyo.

Ine sinditsutsa mgwirizano wotere, chifukwa popanda iwo mabanja ambiri akanakhalabe akuunikira tochi ya mabatire. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti zinthu zikavuta, wogula sadziwa kuti agogode khomo liti. Azakhali omwewo mwezi wina analipira koma manambala sanabwere. Kukampani ya foni anawauza kuti ndalama zinadutsa bwinobwino, ejenti anati vuto ndi la kompyuta za kulikulu, ndipo panapita masiku anayi akugona mumdima zisanadziwike kuti polipira panalakwika nambala imodzi ya akaunti. Palibe ananama, koma aliyense ankangoona mbali yake yokha.

Palinso nkhani yaikulu kuposa imeneyi. Sola yanu imadalira kuti kampani yotulutsa manambala ikhalebe yamoyo. Mu 2019 kampani ya ku Germany ya Mobisol, imene inkagulitsa sola ku Tanzania, Kenya ndi Rwanda, inagwa m'mavuto a zachuma, ndipo chimene chinathandiza n'chakuti kampani ya ku France ya ENGIE inaigula n'kupitiriza ntchito yake. Akanasowa wogula, anthu amene anali asanamalize ngongole akanakhala pa chiopsezo chotsala ndi mabokosi abwinobwino koma osayaka.

Choncho, bambo, tengani pepala la mgwirizano limene munasaina muone ngati palembedwa kuti mukamaliza kulipira adzakupatsani manambala otsegula sola yanu mpaka kalekale, komanso kuti batire ikafa nthawi ya chitsimikizo isanathe amene adzasinthe ndi wogulitsa kapena wopanga. Ngati sizinalembedwe, funsani ejenti wanu akuyankheni polemba, ndipo mauthenga onse otsimikiza kuti mwalipira musawafufute m'foni mpaka tsiku limene mudzalandire manambala omalizawo.