Mwana akufuna kuona Saturn, telesikopu ndilibe

Funso: Akonzi, ndimagwira ntchito ku Cape Town. Mwana wanga wa zaka 9 sakundipatsa mpata, akuti akufuna kuona pulaneti ya Saturn. Nditani?

Yankho: Mayi, musathamangire kugula telesikopu. Pitani naye ku South African Astronomical Observatory, malo ofufuzira zakuthambo komweko, amalandira anthu madzulo a Loweruka lina pamwezi. Funsaninso za Astronomical Society of Southern Africa, bungwe lomwe linayamba mu 1922. Ambiri mmenemo ndi anthu wamba okonda zakuthambo, ndipo amakondwa kuonetsa ana nyenyezi. Ine tsiku lomwe ndinaona mphete za Saturn ndinangoti kukamwa yasa! Yambani mwafunsa ngati ikuoneka nyengo ino. Mumuveke juzi, ndipo tochi ya foni muzimitse, poti maso amafuna mphindi ngati 20 kuti azolowere mdima.