Foni Muziiyesa ndi Netiweki, Osati ndi Bokosi Lake

Achimwene, mwafunsa kuti ife amene timakapikula mafoni ku Kariakoo, mumzinda wa Dar es Salaam, timadziwa bwanji kuti katundu wathu akagwira ntchito kumudzi kuno. Malonda amenewa agona pa netiweki, chifukwa foni yokongola imene siikoka bwino mafunde a nsanja zathu, kasitomala amaibweza sabata isanathe, ndipo dzina lanu limaipa msika wonse.

Nsanja iliyonse imaulutsa mafunde ake pa mlingo wodziwika. Kuno kwathu 2G imayenda pa 900 ndi 1800 MHz (MHz ndi muyeso wa mlingo wa mafunde), pamene 3G imayenda makamaka pa 2100 MHz. Mafunde a mlingo wotsika ndiwo amapita kutali ndi kulowa m'nyumba mosavuta, choncho wogula wa kumudzi, amene nsanja ili kuseri kwa phiri, amadalira kwambiri 900. Ku America amagwiritsa ntchito 850 ndi 1900, ndipo mafoni akale ochokera kumeneko ndimawaunika kawiri, popeza ena amabwera atatsekeredwa ku kampani imodzi.

Ndisanapereke ndalama ndimaikamo simu yanga wogulitsa akuona. Ndimayamba ndi *#06# kuti ndione ngati IMEI, nambala yozindikiritsa foniyo ya manambala 15, ikufanana ndi ya pabokosi. Kenako, pa mafoni ambiri a Android, *#*#4636#*#* imatsegula tsamba losonyeza mtundu weniweni wa netiweki ndi mphamvu yake: -70 dBm (dBm ndi muyeso wa mphamvu ya mafunde) ndi mphamvu yabwino, koma ikafika cha ku -110 mawu amayamba kudukaduka. Chizindikiro cha pamwamba pa sikirini musachikhulupirire. Ulendo wina ndinagula katoni ya mafoni olemba 4G pakona ya sikirini, koma nditatsegula tsamba lija ndili kale ku Karonga ndinapeza kuti onse akuyenda pa EDGE, yomwe ndi 2G. Mpamba wa miyezi iwiri unathera pomwepo.

Samalaninso pachipata cha Songwe, pakuti mafunde sadziwa malire a dziko. Netiweki iliyonse imadzidziwikitsa ndi nambala: ya Tanzania imayamba ndi 640, ya Mozambique 643, ya Zambia 645, ya Malawi 650, ndipo 650-01 ndi TNM pamene 650-10 ndi Airtel. Mukangowoloka mlatho kuchokera ku Kasumulu, mbali ya Tanzania, foni imatha kukakamirabe nsanja ya tsidya lija n'kumakudyerani mayunitsi pa mtengo wa kunja. Ine ndimalowa m'masetingi n'kusankha ndekha netiweki ya kwathu ndisanaime pamzere wolipira msonkho kwa a MRA.